Mikhail Tal

Mikhail Nekhemyevich Tal (9 Novembala 1936 – 28 Juni 1992) anali katswiri wa masewera a chess wochokera mumzinda wa Riga ku Latvia. Ankasewerera dziko la Soviet Union, ndipo anakhala ngwazi ya dziko lonse kuyambira mu 1960 mpaka mu 1961. Anali munthu wachisanu ndi chitatu kukhala pa mpandowu, ndipo anaukhala ali ndi zaka 23 zokha, wamng'ono kuposa onse amene anaukhalapo m'mbuyomo. Anapambananso kasanu ndi kamodzi pa mpikisano waukulu wa m'dziko la Soviet Union, ndiponso pa mpikisano wa dziko lonse wa chess yothamanga mu 1988.

Tal amakumbukiridwa kwambiri chifukwa chokonda kupereka zida zake mwadala kuti mnzake adye, iye n'kupeza njira yothira nkhondo mfumu ya mnzakeyo. Anthu anamupatsa dzina loti Wamatsenga wa ku Riga. Akatswiri akakhala pansi n'kuunika magemu ake atatha, nthawi zambiri ankapeza kuti nyambo zakezo zinali ndi yankho. Vuto linali loti yankholo linkafunika kupezeka pomwepo, wotchi ikuyenda. N'chifukwa chake dzina lake silisowa pa mkangano wakale wa osewera chess, wofuna kudziwa ngati kupereka chida mwadala kumapindula pa masewera othamanga okha, kapena ndi pa masewera a nthawi yaitali omwe.

Gambit, nyambo ndi wotchi

Pa chess wosewera aliyense amayamba ndi zida 16. Osewera amaziwerengera mtengo motere: pawn, kamene ndi kachida kakang'ono kwambiri, ndi pointi imodzi, hatchi ndi bishopu ndi mapointi atatu chilichonse, rook ndi asanu, mfumukazi ndi asanu ndi anayi. Pakati pa akatswiri, kutsala ndi pawn imodzi yokha kumatha kuluzitsa munthu gemu yonse, makamaka zida zikachepa pa bolodi.

Gambit ndi kayambidwe ka gemu komwe wosewera amapereka pawn, kapena nthawi zina chida chachikulu, asanasunthe kambiri. Mawuwa anachokera ku Chitaliyana, kumene ankanena za kutchera mnzako ndale pogwetsana. Zitsanzo zodziwika ndi King's Gambit, yomwe imayamba ndi 1.e4 e5 2.f4, ndi Evans Gambit, yomwe mwini zida zoyera amapereka pawn ya pa b4 posuntha kachinayi. Wopereka amalandira zinthu zosaoneka ndi maso: zida zake zimatuluka msanga, mizere imatseguka, ndipo mnzake amatanganidwa ndi kudziteteza. Zili ngati nyambo. Msodzi wa ku Senga Bay akakoleka usipa ku mbedza amadziwa kuti usipawo wapita ndithu, chatsala n'kuona ngati kampango abwere. Kusiyana kwake n'kwakuti pa chess kampangoyo amaganiza, ndipo akapatsidwa nthawi yokwanira amatha kudya usipa mbedza n'kuisiya.

Nthawiyo imayezedwa ndi wotchi ya mbali ziwiri. Wosewera akasuntha amadina batani, nthawi yake n'kuima, ya mnzake n'kuyamba kuyenda. Amene nthawi yamuthera amaluza ngakhale atakhala ndi zida zambiri. Malinga ndi malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa chess pa dziko lonse, gemu ya blitz imapatsa wosewera aliyense mphindi 10 kapena kucheperapo, ndipo ya rapid imapatsa mphindi zoposa 10 koma zosafika 60. M'masiku a Tal magemu akuluakulu ankapatsa munthu maola awiri ndi theka kuti asunthe ka 40. Gemu ikapanda kutha tsiku limenelo ankaiimitsa, osewera n'kukaiunika usiku ndi owathandiza awo, n'kudzaipitiriza tsiku lina.

M'zaka za m'ma 1800 ma gambit anali ponseponse. Gemu yotchuka ya Adolf Anderssen ndi Lionel Kieseritzky ku London mu 1851 inayamba ndi King's Gambit, ndipo Anderssen anapereka ma rook onse awiri, bishopu ndi mfumukazi asanapambane. Kenako kunabwera Wilhelm Steinitz, ngwazi yoyamba ya dziko lonse kuyambira mu 1886, amene anaphunzitsa kuti nkhondo yoyambika popanda maziko imagonja kwa munthu wodziteteza modekha. Pofika m'ma 1950 akatswiri ambiri ankaona kuti nthawi yotaya zida mwachisawawa inatha kalekale. Tal anatulukira pa nthawi imeneyi.

Ubwana wake

Tal anabadwira ku Riga m'banja la Chiyuda, dziko la Latvia lidakali loima palokha. Bambo ake anali dokotala. Soviet Union inatenga Latvia mu 1940, ndipo asilikali a Germany atalowa mu 1941 banjali linathawira kum'mawa, mkati mwa Russia, n'kudzabwerera nkhondo itatha. Mnyamatayu anabadwa ndi zala zitatu zokha kudzanja lamanja, koma izi sizinamuletse kuimba piyano. Anali wodwaladwala kuyambira ali mwana, komanso anali wanzeru kwambiri m'kalasi moti anamudumphitsa makalasi.

Chess anaiphunzira bwino ku kalabu ya ana ya Young Pioneers mumzinda wa Riga. Mu 1949 anayamba kuphunzitsidwa ndi Alexander Koblents, amene anakhala mphunzitsi wake ndi mnzake kwa zaka zambiri. Mu 1953 anakhala ngwazi ya Latvia, ndipo chaka chotsatira analandira udindo wa master wa Soviet Union atagonjetsa Vladimir Saigin. Ku yunivesite ya Latvia anaphunzira zolembalemba, ndipo pepala lake lomaliza linali lokhudza mabuku oseketsa a Ilf ndi Petrov. Anaphunzitsako sukulu ku Riga kwa nthawi yochepa chess isanamutenge kotheratu.

Kukwera kwake, 1957 mpaka 1959

Mpikisano wa Soviet Union unali wovuta kuposa mipikisano yambiri ya mayiko osiyanasiyana, chifukwa akatswiri ochuluka a pa dziko lonse anali a konko. Tal anaupambana mu 1957 ali ndi zaka 20, ndipo FIDE inamupatsa udindo wa grandmaster chaka chomwecho. Mu 1958 anaupambananso kwawo ku Riga, atagonjetsa Boris Spassky pa gemu yomaliza. M'chaka chimenecho anakhalanso woyamba pa mpikisano wa Interzonal ku Portorož, ndipo pa Olympiad ya ku Munich anapeza mapointi 13½ pa magemu 15.

Mu 1959 kunachitika mpikisano wosankha wokalimbana ndi ngwazi ya dziko lonse, m'mizinda ya Bled, Zagreb ndi Belgrade ku Yugoslavia. Osewera anali asanu ndi atatu, ndipo aliyense ankakumana ndi mnzake kanayi. Tal anapeza mapointi 20 pa 28, Paul Keres n'kutsatira ndi 18½. Anagonjetsa Bobby Fischer, amene anali ndi zaka 16, magemu onse anayi. Koma Keres, wosewera wodziwa kuwerengera patali, anagonjetsa Tal katatu pa magemu anayi. Chimenechi chinali chizindikiro choti kaseweredwe ka Tal kanali ndi mankhwala ake, ngakhale kuti anthu ambiri sanachilabadire pa nthawiyo.

Pa mpikisano womwewu ndi pamene Pal Benko anabwera pa gemu atavala magalasi akuda, ati poopa maso a Tal, omwe anthu ena ankanena kuti amagoneka mnzake mutu. Tal anabwereka magalasi ena akuda nayenso n'kuvala, anthu m'holo n'kufa nazo nseko. Nkhaniyi ikusonyeza mmene anzake ankasowera chonena. Ankaluza magemu omwe, akakaona kunyumba, ankapeza kuti akanatha kupambana, ndipo ena ankangoti ndi mwayi, ena ankati ndi machenjera achibwana.

Kunena zoona, Tal sanali munthu wa ma gambit akale aja. Nthawi zambiri ankayamba gemu ndi njira zomwe akatswiri onse ankagwiritsa ntchito, monga Ruy Lopez ndi Sicilian, ndipo akakhala ndi zida zakuda anatchukitsa njira ya Modern Benoni, imene imasiya zofooka kumbuyo pofuna mpata wothira nkhondo. Ilipo gambit imodzi yotchedwa ndi dzina lake, ya 1.e4 c5 2.f4 d5 3.exd5 Nf6. Koma nyambo zake zenizeni ankaziponya pakati pa gemu, ndipo sizinkakhala pawn chabe, zinkakhala hatchi, bishopu, nthawi zina rook. Cholinga chinali chofanana ndi cha gambit, kugula mpata ndi chida. Iye anawonjezapo chinthu chimodzi: ankasankha dala njira imene nthambi zake zinali zochuluka kwambiri moti munthu sakanatha kuziwerenga zonse ndi mutu. Tal ankaona zinthu mofulumira kwambiri, ndiye pamene mnzake ankatha theka la ola pa funso limodzi, iye ankakhala akuyendayenda pabwalo.

Kulanda mpando mu 1960

Ngwazi ya dziko lonse pa nthawiyo inali Mikhail Botvinnik, injiniya wa zamagetsi wa zaka 48, munthu wokonzekera gemu ngati wokonzekera mayeso. Awiriwa anali asanakumanepo pa bolodi. Mpikisano wawo unayamba pa 15 Malichi 1960 ku Pushkin Theatre mumzinda wa Moscow, ndipo unali wa magemu osapitirira 24.

Tal anapambana gemu yoyamba. Gemu yachisanu ndi chimodzi ndi imene imakambidwa mpaka lero. Ali ndi zida zakuda, posuntha ka 21, anaika hatchi yake pa f4, pamalo pomwe pawn ya Botvinnik ikanaidya popanda chovuta. Anthu m'holo anachita phokoso lalikulu moti oyang'anira anasamutsira gemuyo m'chipinda china chakumbuyo. Botvinnik anadya hatchiyo, koma patangopita kanthawi anaphonya njira yabwino yodzitetezera, ndipo analuza. Ounika anadzapeza pambuyo pake kuti akanasankha bwino akanakhala pabwino kuposa Tal.

Magemu ena awiri a mpikisanowu amaonetsa mbali zonse za nkhaniyi. Pa gemu yachisanu ndi chinayi Tal anapereka hatchi pa e6 gemu itangoyamba, m'njira ya Caro-Kann. Ulendo uno Botvinnik anali ataiunika kale njirayo kunyumba. Anadya hatchi, anadziteteza mosatekeseka, ndipo anapambana. Pa gemu ya nambala 17 Tal anakankha pawn ya f mosayembekezereka, kusuntha komwe iye mwini anavomera m'buku lake kuti kunali ndi zofooka zoonekeratu. Botvinnik anadziteteza bwino kwa maola ambiri ndipo anali patsogolo ndi ma pawn, koma kuganiza konseko kunamudyera nthawi. Atatsala pang'ono kufika pa kusuntha kwa 40, mphindi zitamuthera, analakwitsa kamodzi kokha, Tal n'kupereka rook ndi kumaliza gemu. Choncho ngakhale pa gemu ya maola asanu, mapeto ake ankatha kusanduka blitz, ndipo Tal ankadziwa kukokera mnzake kumeneko.

Mpikisanowu unatha pa 7 Meyi. Tal anapambana magemu 6, analuza 2, ndipo 13 analepherana, zomwe zinapereka mapointi 12½ kwa 8½. Mbiri yokhala ngwazi yaing'ono kwambiri anaisunga mpaka mu 1985, pamene Garry Kasparov anatenga mpandowu ali ndi zaka 22.

Kubwezera kwa Botvinnik

Malamulo a nthawiyo ankalola ngwazi yochotsedwa kupempha mpikisano wobwezera chaka chotsatira. Botvinnik anatha miyezi yonseyo akuunika magemu a Tal, ndipo anapeza pomugwirira. Anasankha njira zotseka bolodi, zimene ma pawn amakolana pakati ndipo zida zimasowa mizere yodutsa. Ankafulumira kusinthanitsa mfumukazi, kuti gemu ifike msanga kumapeto kumene pawn imodzi imalemera kuposa nzeru zothira nkhondo. Anaphunziranso kusamala wotchi yake.

Tal naye sanali bwino m'thupi. Impso zinkamuvutitsa, ndipo madokotala a ku Riga anamulangiza kuti apemphe kuti mpikisano uimitsidwe kaye. Malinga ndi Yuri Averbakh, katswiri amene anali m'gulu la oyendetsa chess ku Soviet Union, Botvinnik ankafuna kuti madokotala a ku Moscow atsimikize kaye za matendawo, ndipo Tal anangosankha kusewera. Mpikisano unayamba pa 15 Malichi 1961 n'kutha pa 12 Meyi. Botvinnik anapambana magemu 10, Tal 5, ndipo 6 analepherana, mapointi 13 kwa 8. Tal anakhala pa mpando chaka chimodzi ndi masiku asanu.

Olemba mbiri amasiyana maganizo pa chimene chinamugwetsa, ena amati matenda, ena amati kukonzekera kwa Botvinnik. N'kutheka kuti zonse ziwiri zinathandizana. Komabe n'zovuta kutsutsa kuti munthu yemweyo amene anasokonezeka mu 1960 anapambana mosavuta atapatsidwa chaka chathunthu choganizira mafunso a Tal. Nthawi ya wodziteteza si ya pa wotchi yokha, ndi ya kunyumba yomwe.

Matenda, mvuu ndi kusintha kwa kaseweredwe

Patangopita miyezi yochepa Tal anapambana mpikisano waukulu ku Bled mu 1961, patsogolo pa Fischer. Koma mu 1962, pa mpikisano wosankha wolimbana ndi ngwazi ku Curaçao, anadwala kwambiri ndipo anasiyira panjira atasewera magemu 21 pa 28. Fischer anapita kukamuona kuchipatala.

Nkhani yodziwika kwambiri yokhudza mmene ankaganizira inachokera pa gemu yake ndi Evgeni Vasiukov pa mpikisano wa Soviet Union wa 1964. Tal anafotokoza yekha kuti anaona mpata wopereka hatchi, n'kuyamba kuwerengera nthambi zake, koma zinachuluka mpaka mutu unasokonezeka. Mwadzidzidzi anakumbukira ndakatulo ya ana ya Korney Chukovsky yonena za mvuu yotitimira m'dambo, ndipo anaiwala za gemu n'kuyamba kulingalira mmene munthu angaitulutsire mvuuyo, kaya ndi zingwe, kaya ndi ndege. Atalephera anangoisiya mvuuyo m'maganizo mwake, ndipo pobwerera pa bolodi anazindikira kuti nyamboyo siwerengeka mpaka kumapeto, n'kungoipereka poti mtima unamuuza. Anapambana. Tsiku lotsatira nyuzipepala inalemba kuti Tal anatha mphindi 40 akuwerengera zonse mosamala.

Mu 1965 anagonjetsa Lajos Portisch, kenako Bent Larsen. Mpikisano wa iye ndi Larsen unafika pa gemu yomaliza mapointi ali ofanana, ndipo pa gemu yoopsa ngati imeneyo Tal anaperekabe hatchi pa d5 posuntha ka 16, n'kupambana. Akatswiri akhala akukangana kwa zaka zambiri ngati Larsen akanatha kupulumuka. Pa ndime yomaliza Spassky anamugonjetsa ku Tbilisi, ndipo mu 1968 anagonja kwa Viktor Korchnoi. Korchnoi anali munthu wokonda kudya chilichonse chimene wapatsidwa n'kupirira nkhondo yotsatira, ndipo pa magemu a nthawi yaitali anagonjetsa Tal kambirimbiri kuposa mmene Tal anamugonjetsera. Tal sanafikenso pa mpikisano wolimbirana mpando. Mu 1969 madokotala anamuchotsa impso imodzi.

Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti zaka zake zokhazikika kwambiri zinabwera atachepetsa kutaya zida. M'zaka za m'ma 1970 ankasewera modekha, kumanga malo ake pang'onopang'ono, n'kupereka chida pokhapokha bolodi ikalola. Kuyambira mu Julayi 1972 mpaka mu Epulo 1973 anasewera magemu 86 osaluza, ndipo kuyambira mu Okutobala 1973 mpaka mu Okutobala 1974 anasewera ena 95 osaluza. Pakati pa akatswiri apamwamba mbiri imeneyi inakhala zaka zoposa 40, mpaka Ding Liren wa ku China anafika magemu 100 mu 2018. Mpikisano wa Soviet Union anaupambananso mu 1967, 1972, 1974 ndi 1978, ndipo chiwerengero chake cha kasanu ndi kamodzi chimafanana ndi cha Botvinnik yekha. Mu 1978 anali m'gulu lothandiza Anatoly Karpov ku Baguio. Mu 1979 anagawana malo oyamba ndi Karpov ku Montreal, n'kupambananso Interzonal ya ku Riga ndi mapointi 14 pa 17 osaluza gemu. Mu Januwale 1980 mlingo wake wa FIDE unafika 2705, pamwamba kwambiri pa moyo wake wonse. Anasewera pa ma Olympiad asanu ndi atatu, timu yake n'kupambana onse, ndipo pa magemu 101 analuza awiri okha.

Chess yothamanga

Tal ankakonda blitz kuposa chakudya. Ankasewera ndi aliyense, katswiri kapena munthu wamba, m'mahotela, m'makalabu ngakhale m'chipatala. Pa gemu ya mphindi zisanu zonse zimene zinkamuthandiza pa magemu aatali zimakula mphamvu. Wothira nkhondo amadziwa kumene akupita, ndipo akalakwitsa pang'ono nthawi zambiri gemu imapitirira. Wodziteteza amafunika kupeza njira imodzi yokha yolondola, kawirikawiri kangapo motsatizana, ndipo akaphonya kamodzi mfumu yake yapita. Akati aganize mofatsa, wotchi imamutsiriza. Pawn yomwe anadya ija imapindula gemu ikafika kumapeto, koma pa blitz magemu ambiri safika kumeneko.

Ngakhale zili choncho, mbiri ya Tal siyilola kunena kuti pa blitz nyambo iliyonse imagwira. Mu Epulo 1970 ku Herceg Novi, ku Yugoslavia, kunachitika mpikisano wa blitz wa akatswiri 12, womwe unali wamphamvu kwambiri m'nthawi imeneyo. Anapambana ndi Fischer, ndi mapointi 19 pa 22. Tal anali wachiwiri ndi 14½, ndipo analuza magemu ake onse awiri kwa Fischer. Fischer ankasewera molunjika ndi molondola, ndipo ankapeza mayankho m'masekondi ochepa. Kwa munthu wotere mphindi zisanu zinali zokwanira.

Chisangalalo chachikulu cha Tal pa masewera othamanga chinabwera mochedwa. Mu 1988 ku Saint John, ku Canada, kunachitika mpikisano wa dziko lonse wa blitz, wochotsana. Kasparov, amene anali ngwazi ya dziko lonse, analipo, Karpov naye analipo. Onse awiri anatuluka asanafike kumapeto. Tal, ali ndi zaka 51 komanso thupi litafooka, anagonjetsa Rafael Vaganian pa ndime yomaliza n'kutenga chikho, patatha zaka 27 chichokereni pa mpando wa chess ya nthawi yaitali.

Moyo wake wapadera ndi imfa

Tal anakwatira kangapo. Mkazi wake woyamba anali Sally Landau, wochita zisudzo komanso woimba, ndipo anakwatirana mu 1959. Anali ndi mwana wamwamuna m'banja loyamba ndi wamkazi m'banja lomaliza. Ankasuta fodya kwambiri, ankamwanso mowa, ndipo pa nthawi ina anazolowera mankhwala a morphine omwe ankapatsidwa chifukwa cha ululu wa impso. Za ndalama ndi katundu analibe nazo ntchito kwenikweni. Anzake ankamukonda chifukwa cha nthabwala ndi kusasunga mangawa, chinthu chosowa pakati pa akatswiri a nthawi imeneyo, amene ambiri ankadana.

Analinso mlembi waluso. Kuyambira mu 1960 mpaka 1970 anali mkonzi wa magazini ya chess ya ku Latvia yotchedwa Šahs. Buku lake lofotokoza mpikisano wa 1960 ndiponso lina la mbiri ya moyo wake, The Life and Games of Mikhail Tal, amawerengedwa mpaka pano. M'mabukuwa sabisa pamene nyambo yake inali yolakwika, ndipo nthawi zambiri amaonetsa yekha njira imene mnzake akanapambanira.

Gemu yake yomaliza ya nthawi yaitali anaisewera ku Barcelona pa 5 Meyi 1992, ndipo anagonjetsa Vladimir Akopian. Pa 28 Meyi anatuluka m'chipatala ku Moscow kukasewera mpikisano wa blitz mumzindawo, ndipo pa gemu imodzi anagonjetsa Kasparov. Anamwalira patatha mwezi umodzi m'chipatala cha ku Moscow, atataya magazi kum'mero, ali ndi zaka 55. Mabuku ambiri amati anamwalira pa 28 Juni, koma mwala wa pamanda ake unalembedwa 27 Juni. Anaikidwa m'manda a Ayuda a Šmerlis ku Riga.

Pambuyo pa imfa yake

Masiku ano makompyuta a chess amaposa munthu aliyense, ndipo aunika magemu a Tal mmodzimmodzi. Nyambo zina zapezeka kuti zinali zolondola kuposa mmene otsutsa ankaganizira, zina zapezeka kuti zinalidi ndi yankho. Makompyuta omwewo achititsa kuti ma gambit oopsa asowe pa magemu aatali a akatswiri apamwamba, chifukwa aliyense amabwera atawaloweza mayankho kunyumba, monga anachitira Botvinnik pa gemu yachisanu ndi chinayi ija. Kumene ma gambit akuchuluka ndi pa intaneti, pa Lichess ndi Chess.com, kumene anthu, kuphatikizapo achinyamata a ku Malawi, amasewera magemu a mphindi zitatu kapena zisanu pa foni. Wophunzira amene wazolowera kupambana ndi gambit pa foni amatha kudabwa akafika pa mpikisano wa nthawi yaitali, monga ina imene imakonzedwa ndi bungwe la Chess Association of Malawi, n'kupeza mnzake akudya pawn, kukhala chete mphindi 15, n'kupeza yankho.

Ku Riga kuli chipilala cha Tal m'paki ya Vērmane, ndipo kuyambira mu 2006 ku Moscow kwachitika mipikisano ingapo ya akatswiri yotchedwa Tal Memorial. Mpikisano wina womukumbukira unachitika ku Riga mu 1995. Kumeneko Kasparov, pa gemu ya nthawi yaitali yolimbana ndi Viswanathan Anand, anadzidzimutsa anthu posankha Evans Gambit, imene inali itasowa pa magemu a akatswiri apamwamba kwa zaka zambiri. Anand anadya pawn ya pa b4, ndipo anagonja Kasparov atasuntha ka 25.